Kunsi kwa Khwekhwerere: msewu umene khansala amalonjeza si wake

Aliyense amene anayendapo pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, m'boma la Dedza, akudziwa kuti derali silisowa njira. Msewu wa phula wa M5, uja timati wa m'mbali mwa nyanja, umadutsa momwemo kuchokera ku Balaka kulowera ku Salima. Njanji nayo ili momwemo, penapake kuyandikira msewu, penapake kuthawira kuthengo. Pa Golomoti pali mphambano: kuvuma ukupita ku Monkey Bay ndi Mangochi, kuzambwe ukukwera Khwekhwerere kukatulukira pa Masasa mumsewu wa M1. Wongoona pamapu akhoza kunena kuti anthu a kuno anadala.

Koma anthu sakhala pamapu, ndipo ambiri sakhala m'mbali mwa phula. Amakhala m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri, kumene mitsinje imatsika ndi ukali mvula ikagwa kumtunda, ena kumadambo a kufupi ndi nyanja kumene dothi lakuda limagwira tayala la njinga mpaka kusiya kuzungulira. Kwa mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku mu Febuluwale, nkhani si yoti M5 ali bwanji. Nkhani ndi yoti kodi kamtsinje kali pakati pa mudzi wake ndi chipatala cha Mua kaphwa kapena ayi, nanga wakabaza avomera kubwera?

Pa 16 Seputembala 2025 mayi yemweyo anapatsidwa mapepala atatu ovotera: la mtsogoleri wa dziko, la phungu, ndi la khansala. Pamisonkhano yokopa anthu, onse atatu kapena owayankhulira analonjeza misewu. Chimene sichinanenedwe mokwanira pamisonkhanopo n'chakuti msewu uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo amene amalonjeza mofuula kawirikawiri si iye.

Njira za kale

Vuto la mayendedwe kuno ndi lakale kuposa zisankho. Ansembe a chipani cha White Fathers atafika pa Mua mu Seputembala 1902, m'dziko la Angoni a Kachindamoto, panalibe msewu wa galimoto. Katundu ankabwera pa sitima ya panyanja kenako pamitu ya amtengatenga, ndipo Mzungu wodwala kapena wotopa ankanyamulidwa pamachila. Kutentha ndi malungo a m'chigwa zinkawasautsa ansembewo moti anafuna malo okapumulirako kumtunda kozizira, ndipo mishoni ya Bembeke, yomwe inakhazikitsidwa mu 1910, inayamba chotero. Kuyambira kalekale, ndiye kuti, moyo wa Mua unali wokwera ndi kutsika phiri.

Njanji inafika mu 1935, pamene anaitalikitsa kuchokera ku Blantyre kudzera ku Balaka mpaka ku Chipoka ndi Salima. Golomoti ndi Mtakataka zinakhala masiteshoni. Achikulire a kuno amakumbukira bwino sitima ya anthu: kukwera ndi dengu la nsomba zouma kapena thumba la mpunga, kukatsika ku Limbe, mtengo wake wotheka ngakhale kwa mlimi wamba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 njanjiyo inapitirira kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada. Mu 1999 boma linaipereka m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo lero sitima ya anthu imayenda kummwera kokha, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Kuno kumadutsa ya katundu. Mu Julayi 2024, sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala itafika ku Lilongwe koyamba patatha zaka zoposa 20, kunali chikondwerero ku likulu. Sitimayo inadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka, ana n'kuibayibitsa, ndipo anthu a pamalopo anapitiriza kudikira minibasi.

Palibe khansala amene angabweze sitima ya anthu. Ndanena zimenezi msanga chifukwa nkhani ya sitima imatuluka pafupifupi pa kampeni iliyonse, ndipo imaomberedwa m'manja.

Msewu uwu ndi wa yani?

Misewu ya m'Malawi inagawidwa m'magulu, ndipo chilembo chimene chili kutsogolo kwa nambala ya msewu chimanena zambiri. Ya M ndi misewu ikuluikulu ya dziko. Ya S ndi ya T ndi yotsatira, yolumikiza maboma ndi malo a malonda. Yonseyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zake zimadzera ku Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006. Ndalama zambiri zimachokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto, komanso, kuyambira kumapeto kwa 2021, ku zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Chipata cha Kalinyeke chili m'boma la Dedza lomweli, koma ndalama zake sizilowa m'thumba la khonsolo ya Dedza.

Misewu yonse yolembedwa m'kaundula wa boma ndi ya makilomita opitirira pang'ono 15,000, ndipo yothiridwa phula siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Pambali pa imeneyi pali makilomita ena masauzande angapo a timisewu ta m'midzi topanda nambala, timene anthu analambula okha ndi makasu, kapena timene tinalimidwa pa ntchito za mthandizi za nthawi ya MASAF. Timisewu timeneti, pamodzi ndi misewu ya D, ya m'maboma, ndito tili pamutu pa khonsolo.

Ndiye taonani mmene zimakhalira. M5, amene maenje ake amathyola masipuling'i a minibasi n'kukweza mtengo wa ulendo wa ku Salima, si wa khonsolo. Milatho ya mumsewuwu, imene ina inamangidwanso m'zaka za m'ma 2000 ndi thandizo la dziko la Japan itaonongeka ndi madzi, si ya khonsolo. Khwekhwerere ndi makhota ake si wa khonsolo. Khansala akhoza kudandaula, kulemba kalata, kapena kuyankhula pa wailesi, monga mmene angachitire mphunzitsi wamkulu kapena wansembe. Mphamvu yolamula kuti phula lithiridwe alibe.

Chimene ali nacho mphamvu n'chaching'ono pochiona, koma ndicho chimatsekera anthu m'midzi dzinja lonse: kalavati pa kakhwawa, kamlatho ka matabwa kosintha n'kukhala ka simenti, ngalande za m'mbali mwa msewu wafumbi, giredala yodzasalaza msewu mvula ikatha. Ndi iye amene amayenera kutenga zofuna za makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, aja a VDC ndi ADC, kukazimenyera nkhondo kuti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse, n'kukhalapo pamene bajeti ya khonsolo ikuvomerezedwa. Ndi iye amene ali ndi voti pokhazikitsa malamulo ang'onoang'ono a khonsolo okhudza misika, madepoti ndi malo oimikapo njinga.

Koma ndani angakope anthu ndi kalavati? Woimira akaima pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Amayi ndi abambo, mukandisankha ndidzaonetsetsa kuti makalavati anayi aikidwe pamsewu wa kusukulu," anthu amayang'anizana. Mnzake akabwera mawa lake ndi zimkuzamawu pa lole n'kunena kuti "phula lifika mpaka kwa amfumu," nthungululu zimamveka kutali. Pakutha pa zaka zisanu phula kulibe, makalavati aja kulibenso, ndipo anthu amati makhansala ndi opanda ntchito.

Zaka zisanu ndi zinayi zopanda khansala

Kusadziwa ntchito ya khansala si kupusa kwa ovota ayi. Kuli ndi mbiri yake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Chisankho cha makhansala chinachitika mu Novembala 2000, anthu ochepa kwambiri ndiwo anakavota, ndipo nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005 boma silinachititsenso china. Dziko linakhala lopanda makhansala mpaka pa chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014. Mwana amene anayamba sitandade 1 makhansala akuchoka anali ku sekondale pamene ankabwerera.

Malo opanda mwini sakhala opanda munthu. M'zaka zimenezo aphungu ndiwo anakhala eni chitukuko cha m'midzi, makamaka thumba la chitukuko cha m'madera, la CDF, litayamba mu 2006. Mu 2010 lamulo linasinthidwa: aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo, mawodi anachepetsedwa, ndipo bwanamkubwa anakhala wosankhidwa ndi nduna. Makhansala pobwerera mu 2014 anapeza mpando wawo pakhala kale wina. Thumba la CDF linkangokulirakulira, kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni mu 2022, kenako K200 miliyoni, ndipo kamlatho kalikonse komangidwa ndi ndalamazo kankatchedwa ka "olemekezeka". Anthu anazolowera kuti ukafuna mlatho upite kwa phungu, ukafuna bokosi la maliro upitenso kwa phungu. Khansala anatsala wokhala pampando wachiwiri pamaliro ndi pa zikondwerero za sukulu.

Mu Meyi 2025, patatsala miyezi inayi kuti anthu akavote, bwalo lalikulu la milandu litakhala ngati bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma. Linati kuvota kwa aphungu m'makhonsolo komanso kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, popeza ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, osati kugwira ntchito ya boma imene iye mwini ayenera kuilondoloza. Pa nthawi ya kampeni chipani cha DPP, chimene mtsogoleri wake Peter Mutharika anadzapambana chisankhocho, chinkalonjeza kukweza thumbali kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse la phungu. Kuika ziwirizi pamodzi, pepala lachitatu lija, limene ambiri amachonga mothamanga potengera chizindikiro cha chipani, linali lolemera kuposa kale lonse. M'mawodi 509 a dziko lino, ndi angati kumene ovota anauzidwa zimenezi momveka?

A ku Zambia anayamba kale kuyenda njira imeneyi. Mu bajeti ya 2022 boma la Hakainde Hichilema linakweza CDF kuchoka pa 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni ya ndalama za kwawoko, ndipo makhonsolo ambiri anagula magiredala ndi makina ena okonzera misewu m'malo modikira makontirakitala. Nako madandaulo alipo, a kuchedwa kwa ndalama ndi a makina ongokhala chifukwa chosowa mafuta kapena zipangizo. Komabe funso loti khonsolo ikhale ndi giredala yakeyake kapena izilemba kontirakitala chaka ndi chaka ndi funso lenileni la mayendedwe, loyenera kufunsa munthu amene akufuna ukhansala. Ine ndikanakonda kulimva likufunsidwa pa Golomoti kusiyana ndi kumva za sitima.

Boma lili kumwamba

Pali chinthu china chimene anthu a m'chigwa amachidziwa m'mawondo mwawo. Likulu la boma lawo lili pamwamba pa mapiri, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, pamene iwo ali kufupi ndi nyanja imene ili pa mamita osafika 500. Ofesi ya bwanamkubwa, chipatala chachikulu cha boma, chipinda chimene makhansala amakumaniramo, zonse zili kumtunda kozizira, kwa mbatata ya kachewere, kabichi ndi mitengo ya paini. Kunsi kuno n'kwa mpunga, thonje, nsomba ndi malambe. Ndi boma limodzi, koma nyengo ziwiri ndi mavuto awiri. Msewu wa kumtunda umaonongeka ndi kukokoloka pa zitunda. Wa kunsi umamira, kapena kukwiririka ndi mchenga ndi miyala zimene mitsinje ngati Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi imatsitsa kuchokera kumapiri kumene mitengo yatha ndi makala.

Msewu wa Khwekhwerere utathiridwa phula m'zaka za m'ma 2000 unafupikitsa ulendo kwambiri, ndipo ndi umodzi mwa misewu yokongola m'dziko muno. Alendo ochokera ku Lilongwe popita kunyanja amaima m'makhota kujambula chigwa, n'kugula tigalimoto ta mitengo timene amisiri a m'mbali mwa msewuwu amasema: ma Land Rover okhala ndi zitseko zotseguka, njinga zozungulira mateyala, mathirakitala, ngakhale ndege. Luso lake n'lodabwitsa. Koma woyendetsa lole yodzaza matumba saona kukongola kulikonse. Maso ali pa mabuleki, fungo la kupsa kwake likulowa m'mphuno, giya ili pa wani. Ndipo munthu wa kwa Kachindamoto wofuna kukasainitsa chikalata ku boma amawerengera tsiku lathunthu ndi ndalama zokwera kawiri kapena katatu: kabaza kukafika pamsewu, Sienta yopanikizana kukwera phiri, mwinanso minibasi kuchoka pa Masasa. Kwa ambiri a ku Mtakataka, ku Salima n'kosavuta kufikako kusiyana ndi ku boma kwawo.

Khansala wa kunsi naye amakwera phiri lomwelo kuti akakhale nawo pa msonkhano, ndipo akafika amapeza kuti anzake a kumtunda ndiwo ambiri. Ndalama za misewu zikamagawidwa, wodi iliyonse imafuna gawo lake, motero zimaduliridwa tizidutswa toti aliyense abwerere kwawo ndi kanthu koloza. Mapeto ake ndi makilomita awiri osalazidwa apa, kalavati imodzi apo, popanda msewu umodzi wotha bwino kuchokera kumunda kukafika kumsika. Pamenepa ndi pamene pamaonekera khansala wodziwa ntchito: wotha kugwirizana ndi mnzake wa wodi yoyandikana nayo kuti chaka chino amalize msewu umodzi, chaka chamawa wina.

Misewu yofunika kumalizidwa ikudziwika. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala pafupifupi 800, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan, imatulutsa mpunga wofunika kufika pamsika. Msewu ukakhala woipa, mavenda ndiwo amalamula mtengo, poti mlimi sangabwerere nalo thumba kunyumba. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Pa Mua pali chipatala, sukulu ya ana osamva, ndi malo a zachikhalidwe a KuNgoni amene bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, okhala ndi nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare imene imakoka alendo a m'maiko akutali. Pa Mtakataka pali sukulu ya apolisi. Derali si losauka zinthu zopitira.

Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anatisiya mu Ogasiti 2025 kampeni ili mkati, anatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu. Aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi kumudzi akudziwa kuti mtunda ndi mdani wina wa mtsikana. Sekondale ikakhala kutali, mtsinje n'kumadzaza, makolo amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha, kapena amadalira wakabaza womunyamula ulere. Zotsatira zake mafumu amazidziwa. Kamlatho ka pa njira ya kusukulu sikalembedwa m'gulu la ntchito zoteteza atsikana, koma kamagwira ntchito imeneyo.

Kabaza

Ngati pali nkhani ya mayendedwe imene khonsolo singathawe, ndi ya kabaza. Imani pa mphambano ya Golomoti tsiku la msika. Minibasi isanaime n'komwe, anyamata a njinga zamoto aizungulira kale: "Tiyeni mayi, tikafike!" "Bwana, kulowera kuti?" Njinga imodzi inyamula mayi, mwana kumsana, thumba la feteleza pa thanki, ndi nkhuku ziwiri zolendewera pa chiwongolero. Ina yanyamula bambo wodwala atamuika pakati, mbale wake atamugwira kumbuyo kuti asagwe. Chipewa chodzitetezera, chikakhalapo, n'chimodzi, ndipo nthawi zambiri chamangiriridwa kutsogolo m'malo mokhala kumutu. Chapatali pang'ono pali a njinga zakapalasa, okhala ndi khushoni pa kaliyala, odikira amene ndalama zawachepera.

Kunena zoona, anyamata amenewa ndiwo achita zimene boma linalephera. Afikitsa mayendedwe pakhomo pa munthu wa kumudzi. Iwo ndiwo ambulansi, ndiwo basi ya ana a sukulu, ndiwo onyamula katundu wa ochita geni. Ndi ntchitonso ya achinyamata ambiri amene sakanapeza ina. Koma mtengo wake ukuoneka m'zipatala, kumene madokotala a mafupa akhala akudandaula kuti mabedi adzaza ndi ovulala pa ngozi za kabaza. Ambiri mwa oyendetsa sanapite ku sukulu yoyendetsa, njinga zambiri n'zosalembetsa ndipo zilibe inshulansi.

Ziphaso zoyendetsera ndi kulembetsa njinga ndi za nthambi ya boma yoona za pamsewu pamodzi ndi apolisi. Koma malo oimikapo njinga, kaundula wa amene akugwira ntchito pa siteji iliyonse, ndalama zimene amalipira, ndi kukambirana ndi magulu awo kuti maphunziro ndi kulembetsa zibwere pafupi m'malo moti mnyamata akazifune ku Lilongwe, zonsezi khonsolo ikhoza kuchita. Pa kampeni, komabe, wakabaza amaoneka ngati chokongoletsera mdipiti. Amapatsidwa mafuta a lita imodzi kapena awiri, tisheti ndi mbendera, n'kutsogolera woimira polowa pabwalo akuliza mahutala. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma mafuta a mdipiti onse amawatcha "thiransipoti". Ndipo palibe woimira amene angayerekeze kunena pamaso pa anyamatawo kuti akapambana adzalimbikira zipewa ndi kuletsa kunyamula anthu atatu. Walira mvula walira matope: wofuna mavoti a kabaza amalandiranso ngozi zake mwakachetechete.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinalili mobwerezabwereza mu 2024 ndi 2025, mtengo wa kabaza unkakwera tsiku lomwelo, poti mafuta ake anali a m'zigubu. Apanso khansala analibe chochita pa za ndalama zakunja kapena sitima za ku Nacala. Koma msewu wosalala umachepetsa mafuta amene njinga imamwa, ndipo wakabaza amatchula mtengo atayang'ana kaye njira. Kumene kuli mchenga ndi zigwembe amawonjezera, ndipo kukagwa mvula amakana kumene.

Kalendala ya giredala

Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, nthawi imene mvula ikutha. Pa ntchito za misewu yafumbi zimenezi zikanakhala zabwino, chifukwa miyezi yogwirira ntchito ndi Meyi mpaka Okutobala, dothi lisanaumitsitse poyamba ndipo mvula isanabwerere pomaliza. Chimachitika kawirikawiri n'chakuti ndalama zochokera ku likulu zimafika mochedwa kapena moperewera, kusankha kontirakitala kumatenga miyezi, ndipo giredala imatulukira mu Novembala mitambo itayamba kale kuda. Imapalapasa msewu, kusiya dothi lofewa lopanda ngalande, mvula yoyamba n'kulitenga lonse kupita nalo kudambo. Ndalama zalembedwa kuti zagwira ntchito, msewu waipa kuposa kale.

Makhonsolo tsopano amayesedwa chaka ndi chaka pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo pansi pa pulogalamu ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, khonsolo yochita bwino yakhala ikulandira ndalama zowonjezera za chitukuko. Zotsatira za mayesowa zimalengezedwa poyera. Bajeti ya khonsolo si chinsinsi, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Komiti ya ADC ya ku Golomoti kapena ku Mtakataka ili ndi ufulu woitana khansala wake n'kumufunsa kuti: misewu ya wodi ino imene yalowa mu bajeti ya chaka chino ndi iti, ndalama zake ndi zingati, kontirakitala ndani, ayamba mwezi uti, ndipo ngalande zili m'gulu la ntchitoyo kapena ayi. Makhansala amene anasankhidwa mu Seputembala 2025 akhala pampando mpaka 2030, ndipo bajeti zimene adzavomereze pofika nthawi imeneyo ndi zisanu.